Ku Ngabu ng'ombe zili mbwee, koma tiyi ngwa mkaka waufa

Munthu ukatsika minibasi pa Ngabu m'mawa, chinthu choyamba kuchipatukira si galimoto ayi, koma ng'ombe. Zina zikupita kubusa, zina zikukoka ngolo, zina zaima chire kudikira lole yoti izikweze zitunda za Chikwawa kupita nazo kokaphedwa ku Blantyre. Nyama imene inu a mu Ndirande, Limbe ndi Zingwangwa mumadya pachiwaya, yambiri imachokera kuchigwa kumeneku.

Tsono lowani m'tiyirumu muitanitse tiyi wamkaka. Mayi wa pamenepo ang'amba kapaketi ka mkaka waufa n'kuthira m'kapu, ng'ombe zikudutsa pakhomo. Mukafuna mkaka wamadzi akulozerani kugolosale, komwe mukapeze wa m'paketi, wokamidwa kumapiri n'kutsika nawo pagalimoto. Pitani pamsika mwezi wa Novembala mufunse mayi wogulitsa kabichi ndi matimati kuti katunduyu wachokera kuti. Akuuzani kuti wapikula kwa anthu otsika naye kuchokera kumtunda. Ine kwathu ndi komweko, ndipo nthawi zonse ndikapita kukaona makolo nkhaniyi imandidya mumtima.

Ndamvapo anzanga ena m'tauni muno akunena kuti anthu a kuchigwa ndi aulesi, eti anazolowera kulandira chimanga cha thandizo. Mawu amenewa amalankhula ndi munthu amene sanaponde dothi la Ngabu masana a Okutobala. Ndati ndilembeko pang'ono kuti tione chimene chimalepheretsa mlimi wa kumeneku kukama mkaka wogulitsa ndi kulima ndiwo zamasamba chaka chonse, poti zinthu ziwirizi ine ndimaziona ngati vuto limodzi. Zonse zimafera pa miyezi ya dzuwa, kuyambira Seputembala mpaka mvula itagwa, pomwe madzi ndi msipu wauwisi zimasowa.

Tiyambe ndi ng'ombeyo. Imene mumaiona pamsewu ndi yachikuda, ya linunda, ija akatswiri amaitcha Malawi Zebu, ndipo zina ndi zosakaniza ndi nkhunzi za Brahman. Ndi ng'ombe yolimba zedi. Imapirira dzuwa, imayenda mtunda wautali kufuna madzi, imadya mapesi a mapira ndi udzu wouma n'kukhalabe ndi moyo. Koma mkaka wake ndi wa mwana wake. Mukalimbana nayo mupeza lita imodzi kapena awiri patsiku, ndipo msipu ukauma bere limaumanso. Mwini wake saiweta chifukwa cha mkaka. Kwa iye ng'ombe ndi banki: fizi ikafunika, maliro akagwa, njala ikavuta, amatulutsa imodzi m'khola n'kupita nayo kumsika.

Mkaka umene mumagula m'sitolo umachokera kwa ng'ombe zina, za mawanga akuda ndi oyera, zamtundu wa Friesian kapena zosakaniza nazo. Zimenezi zili ku Thyolo, Mulanje, Chiradzulu ndi madera ozungulira Blantyre, komwe alimi ali m'magulu a bungwe la Shire Highlands Milk Producers Association, ndipo gawo lalikulu la mkaka wopita kumafakitale m'dziko muno limachokera kwa iwowa. Makolo a ng'ombe zimenezi anachokera ku Ulaya, dziko lozizira. Kukatentha kupitirira madigiri 25 zimayamba kale kuvutika: zimapuma mwawefuwefu, zimadya pang'ono, mkaka umatsika, ndipo kutenga bere kumavuta. Nanga ku Ngabu komwe Okutobala ndi Novembala amadutsa madigiri 40? Ng'ombe yotereyi imafuna malita oposa 60 a madzi patsiku ndi mitolo ya nsenjere yauwisi m'mawa ndi madzulo. Mayi amene amaima pamzere pamjigo kuti apeze zidebe zitatu za pakhomo, madzi a ng'ombeyo akawatunga kuti? N'chifukwa chake ndimachita mantha ndikamva wina akunena kuti njira yake ndi kungotenga ng'ombe zopatsirana zija zinathandiza alimi a ku Bvumbwe n'kuzitsitsira kuchigwa. Kumeneko n'kumupatsa munthu wosauka maliro a ng'ombe yangongole.

Tinene kuti mkakawo wapezeka. Mkaka ndi katundu wosachedwa kuonongeka. Ukakamidwa umayenera kuziziritsidwa kufika madigiri 4 pasanathe maola ochepa, apo ayi umasasa. Kumapiri mlimi amaunyamula panjinga kupita nawo kugulu, amauyeza ngati wasasa kapena wathiridwa madzi, n'kuuthira m'thanki yozizira kudikira galimoto ya fakitale. Ngakhale kumeneko magetsi akazima alimi amalira, mkaka kutayika. Kuchigwa dzuwa la 9 koloko m'mawa ndi lokwana kuusandutsa chambiko usanafike pamsewu, ndipo fakitale ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 100, kukwera phiri. Palibe kampani imene ingatumize galimoto mtunda wonsewo kukatenga malita owerengeka.

Pali chinanso chimene a m'tauni sachidziwa bwino. Pafupi pomwepo pali nkhalango ya Lengwe, ndipo njati za m'menemo zimasunga kachilombo ka matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi. Nthawi ya chilimwe ng'ombe ndi njati zikakumana pamadzi kapena pamsipu, matenda amabuka, boma limatseka misika ya ziweto, ndipo palibe chiweto kapena nyama yotuluka m'deralo mpaka chiletso chichoke. Zimenezi zachitika kangapo ku Chikwawa ndi Nsanje. Wogulitsa ng'ombe ya nyama amadikira, ng'ombe yake ili m'khola. Wa mkaka sangadikire, poti ng'ombe imakamidwa tsiku lililonse. Onjezanipo nkhupakupa, popeza madibi ambiri anafa boma litasiya kudibitsa ziweto mwaulere m'zaka za m'ma 1990, komanso akuba ziweto amene amapezerapo mwayi pa malire a Mozambique, mudzamvetsa chifukwa chake munthu wanzeru zake amazengereza kuika chuma chake chonse pa ng'ombe imodzi yodula.

Tsopano titembenukire kudimba. Dothi la Ngabu ndi makande, lakuda bii, lachonde ndithu, ndiye chifukwa thonje ndi mapira zimachita bwino. Koma makande ali ndi khalidwe lake. Mvula ikagwa amamata ngati phula, khasu osalowa bwino, phazi kulemera. Dzuwa likawomba amang'aluka ming'alu yoti dzanja kulowamo, ndipo madzi a m'keni amangolowa m'ming'alumo osafika pamizu ya mbande. Mijigo yambiri ya kuchigwa imatulutsa madzi amchere. Akumwa timangopirira, koma mukathirira nawo bedi la mpiru kwa miyezi iwiri mudzaona dothi layera pamwamba, masamba akupsa m'mphepete.

Matimati nawo ali ndi malire ake. Kukatentha kwambiri maluwa amayoyoka osabala. Choncho mlimi wa ku Ngabu ali ndi kanyengo kamodzi kokha kabwino, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, pomwe kunja kwazizirako. Vuto ndi lakuti m'nyengo imeneyi aliyense wadzala, aliyense akukolola sabata imodzimodzi. Mulu umatsika mtengo mpaka kuchita manyazi kuutchula, venda amafika ndi dengu lake lalikulu lija n'kunena yekha mtengo, ndipo mlimi amavomera chifukwa akakana mawa matimati aphwanyika. Pofika Novembala, mtengo utakwera, iye alibe ngakhale limodzi, ayamba kugula a ku Ntcheu. Kuyambira cha mu 2016 kunabweranso kambozi kaja ka Tuta absoluta koboola masamba ndi zipatso za matimati, ndipo mankhwala ake, mbewu ya m'kapaketi ndi petulo wa pampu zonse zimayendera dola. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ambiri anangopachika makeni.

Malo okhawo amene chinyezi chimakhalitsa ndi kumunsi, m'mphepete mwa Shire ndi dambo lalikulu lija la Elephant Marsh. Kumeneko ndiye kuli madimba enieni, a chimanga chachilimwe, mbatata, nyemba, maungu ndi masamba. Madzi osefukira akaphwa amasiya dothi lachonde, anthu n'kumadzala motsatira chinyezi. Koma walira mvula walira matope. Madzi omwewo mu Januwale 2015, mu Malichi 2019 nthawi ya Idai, mu Januwale 2022 nthawi ya Ana ndi mu Malichi 2023 nthawi ya Freddy anakokolola mbewu, ziweto ndi nyumba, ndipo m'malo ena anasiya mchenga pamwamba pa minda. Chaka chotsatira, 2024, kunabwera ng'amba ya El Niño. Munthu angamange bwanji chitsime cha simenti, mpanda ndi khola labwino pamalo oti chaka chino pamira, chaka chamawa pauma?

Apa ndi pomwe nkhani ziwirizi zimakumana, ndipo ndi pomwe ndikufuna tikhalitsepo. Mwambo wa kuchigwa ndi wakuti anthu akakolola m'minda ya kumtunda, ziweto zimamasulidwa kuti zidye mapesi paliponse. Pofika Seputembala mapesi atha, udzu wapsa ndi moto wa osaka mbewa, timitsinje tauma. Chobiriwira chatsala n'chiyani? Dimba. Ng'ombe yanjala sidziwa malire, ndipo kamnyamata koweta ng'ombe makumi atatu sikangaziletse zonse. Azakhali anga ena anali ndi dimba la repu ndi anyezi limene analithirira ndi keni miyezi iwiri yathunthu, m'mawa kusanache ndi madzulo. Tsiku lina anapita kumaliro mudzi woyandikana nawo. Pobwera anapeza ziboda zokhazokha. Mlandu unapita kubwalo la amfumu, mwini ng'ombe anavomera, chindapusa chinatchulidwa, koma chimene chinafika m'manja mwawo sichinakwane ngakhale kugula mbewu. Mwini ng'ombe ndi munthu wa chuma, mwini dimba kawirikawiri ndi mayi wosauka, ndipo mudziwa nokha mmene milandu yotere imathera. Chaka chotsatira azakhaliwo sanadzalenso. Anati bola kukatola masawu.

Koma musafulumire kuweruza mwini ng'ombe. Naye akudandaula kuti njira zakale zopitira kumadzi zinatsekedwa ndi madimba ndi minda ya nzimbe, ndipo madambo amene agogo ake ankadyetsako ziweto anagawidwa. Anthu achuluka, malo ndi omwewo. Onse awiri akulimbirana kachigawo kamodzi ka nthaka yonyowa m'miyezi itatu yowawitsa, ndipo mapeto ake ng'ombe imakhala yowonda yopanda mkaka, dimba limakhala lodyedwa lopanda masamba, tonse n'kumakagula za kumtunda.

Chomvetsa chisoni n'chakuti Ngabu si malo oiwalika ndi a zaulimi. Likulu la ulimi m'chigwa chonse, Shire Valley ADD, lili pomwepo. Malo a kafukufuku wa mbewu alinso pomwepo. Chitukuko cha ulimi chothandizidwa ndi World Bank chinayamba m'chigwachi kalekale mu 1968, ndipo maso ake anali pa thonje. Nzimbe zinalowa ku Nchalo cha m'ma 1960 momwemo. Thonje ndi nzimbe, nzimbe ndi thonje, basi. Ndiwo za mwana ndi kapu ya mkaka sizinakhalepo pamwamba pa mndandanda. Mu 2021 boma linaganizako bwino pomwe linayamba kupereka mbuzi m'malo mwa feteleza wotsika mtengo kwa mabanja ena a ku Chikwawa ndi Nsanje, kuvomereza kuti chigwa si Kasungu. Komatu mbuzi nayo, mukaimasula mu Okutobala, imathamangira kudimba komwe kuja.

Tsono kukubwera ngalande. Pulogalamu ya Shire Valley Transformation, ya ndalama za World Bank, African Development Bank ndi ena, cholinga chake ndi kupatutsa madzi a Shire pa Kapichira n'kuwayendetsa okha popanda pampu mtunda woposa makilomita 100 mpaka ku Bangula, kuthirira mahekitala 43,370. Ntchito yokumba inakhazikitsidwa mu 2020, Ana anaononga poyambira pake mu 2022, ndipo dera la Ngabu lili m'gawo lachiwiri, kumwera kwa Lengwe. Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, ndiye sindiyamba kuvina madzi ndisanawaone. Koma akafika, adzakhala madzi opanda mchere, pamtunda posasefukira, m'mwezi wa Okutobala. Chimenechi ndi chinthu chimene mlimi wa masamba ndi mlimi wa mkaka akhala akuchisowa chibadwire.

Mantha anga ndi akuti madziwa angathere ku mbewu zazikulu zokhazokha. Dongosolo lake ndi lakuti eni minda aziphatikiza malo awo kukhala munda umodzi waukulu wa kopaletivi, woyendetsedwa ngati kampani, iwo n'kumalandira phindu. Ku Phata, m'boma lomwelo la Chikwawa, njira imeneyi yayenda ndi nzimbe ndipo anthu amanga nyumba zamalata. Sindikunyoza zimenezo ayi. Koma phindu la kopaletivi limabwera kamodzi kapena kawiri pachaka, ndipo kawirikawiri limafikira m'thumba la amene dzina lake lili pachikalata cha malo. Ndalama ya masamba ndi mkaka imabwera tsiku ndi tsiku, imafikira m'chitenje cha mayi, ndipo zotsala zimalowa mumphika. Minda ikaphatikizidwa n'kutchingidwa, ng'ombe zija zinkadya mapesi m'menemo zidzapita kuti? Zikasowa kopita zidzatsikira kumadimba a kudambo, nkhondo ija n'kukula kuposa lero.

Ndiye pempho langa kwa akuluakulu a unduna wa zamalimidwe, mafumu ndi makomiti a makopaletivi ndi lakuti pamunda uliwonse waukulu padulidwe gawo la mabedi a masamba a mabanja, ndi gawo lina la nsenjere ndi msipu wodzala, zolembedwa m'malamulo a kopaletivi osati zongolonjeza pamsonkhano. Pakhale malo omwetsera ziweto ndi njira zake zodziwika. Msipu wodula ukapezeka mu Okutobala, ng'ombe yokamidwa ingathe kukhala m'khola la mthunzi, manyowa ake n'kupita kumabedi, masamba otsala n'kubwerera kukhola. Adani aja asanduka achibale. Zakudya zina zoonjezera zili kale pakhomo: njere za thonje, madeya, ndi zotsalira za shuga zija amati molasses ku Nchalo.

Mwina wina anena kuti ndangonena kumene kuti ng'ombe ya mkaka siingakhale m'dziko lotentha. Ndanena Friesian. Ku Brazil mkaka wambiri umachokera ku ng'ombe ya Girolando, yosakaniza Holstein ndi Gir ya linunda yochokera ku India. Ku Kenya, ku Naivasha, boma lasunga kwa zaka zambiri ng'ombe za Sahiwal, zopirira dzuwa ndi nkhupakupa koma zopatsa mkaka wooneka. Ku Gujarat m'dziko la India, komwe dzuwa lake silisiyana ndi la Ngabu, kopaletivi ya Amul inayamba mu 1946 ndi alimi obweretsa timalita tochepa m'mawa ndi madzulo, lero ndi chimphona. Ndipo ndani anati mkaka wa ku Ngabu uyenera kukwera phiri? Msika uli pomwepo: matiyirumu a pa Ngabu, antchito a ku Nchalo, Bangula, masukulu ogonera konko, zipatala. Thanki yaing'ono yoyendera sola, poti dzuwa ndiye sitipempha kwa munthu, ndi poto wowiritsira mkaka n'kupanga chambiko chaukhondo, n'zokwana kuyambira.

Kumbali ya masamba nakonso tisamakakamire kabichi ngati kuti ndiye ndiwo yokha ya munthu wotsogola. Therere, bonongwe, nkhwani, kholowa, khwanya ndi cham'mwamba zimapirira kutentha kuposa kabichi ndi matimati, ndipo m'tauni muno zikugulidwa. Mfutso umene agogo athu ankayanika pamphasa ndi nzeru yosungira masamba imene dziko la dzuwa ngati limeneli linayenera kuisandutsa malonda.

Inu amalonda a mu Limbe ndi msika wa Blantyre, ndikudziwa kuti nanunso muli ndi zolira zanu, thiransipoti yakwera, katundu amaonongeka panjira, ziphaso za msika sizidikira. Koma taganizani izi. M'miyezi ya Juni ndi Julayi kumapiri kumazizira kwambiri, mbewu zina zimakula mochedwa, pomwe kuchigwa ndi nthawi yabwino. Mukanapangana ndi gulu la alimi asanadzale, kuti mudzafuna madengu angati sabata iti ndipo pamtengo wanji, iwo akanadzala mosiyanitsa masabata m'malo mothira zonse pamsika tsiku limodzi. Inu mukanapeza katundu wodalirika, iwo akanadziwa chimene akuthiririra. Kufika ndi dengu lokulitsa dala pakamwa n'kumuuza mayi kuti mukapanda kugula inu palibe wina, phindu lake ndi la chaka chimodzi, chifukwa chaka chamawa mayiyo sadzala.

Ndipo inu ophunzira a ku Bunda ndi ku Mikolongwe, mukamasankha mutu wa kafukufuku wanu musamangothamangira ku Bvumbwe ndi Dedza poti n'kozizira ndipo mayankho ake ali kale m'mabuku. Tsikirani kuchigwa mu Okutobala. Kayezeni kuti ng'ombe yachikuda yopatsidwa mthunzi, madzi okwanira ndi nsenjere ikutulutsa malita angati. Kaoneni kuti ndi mtundu uti wa matimati umene ukugwira maluwa pa makande, ndi mijigo iti imene mchere wake mbewu ingaupirire. Alangizi a kumeneko ndi ochepa, midzi ndi yambiri, ndipo manambala amenewa ndi amene angathandize mayi wa m'komiti kuimirira pamsonkhano n'kutsutsana ndi munthu wa mapepala wochokera ku Lilongwe.

Pakuti misonkhano imeneyo ndiyo idzagamule nkhani yonseyi. Mapu a minda akajambulidwa, mbewu zikasankhidwa, zala zikadindidwa, kusintha kumavuta. Mafumu a kwa Ngabu aonetsetse kuti mapepalawo awerengedwa poyera m'Chisena ndi m'Chimang'anja, eni ng'ombe ali pomwepo, amayi a madimba alinso pomwepo, ndipo wina afunse mokweza kuti pamapupo mabedi a masamba ali pati, nsenjere ili pati, ndipo ng'ombe zizikamwera kuti.